Draya ikakana kuyaka, vuto nthawi zambiri silikhala pamene anthu amathamangira

Kachipangizo kamene kamagonetsa makina ambiri owumitsira zovala n'kochepa kuposa bokosi la machesi. Ndi kapulasitiki koyera ka timiyendo tiwiri ta chitsulo, kobisika mkati pafupi ndi pamene mpweya wotentha umadutsa. Amisiri amakatcha fyuzi ya kutentha. Mkatimo mukatentha kupyola muyeso kamaduka, ndipo kakaduka kaduka basi, sikabwereranso. Pa draya zambiri, makamaka zopangidwira msika wa ku America, mota siizunguliranso ngakhale munthu atadina batani mpaka chala kuchita dzanzi.

Apa ndi pamene anthu amasiyana njira, ndipo njira zonse ziwiri n'zolakwika. Wa ndalama zake ku Manchester amaitanitsa makina atsopano, akalewo n'kupita kudzala chifukwa cha kanthu kotsika mtengo. Mmisiri wa changu wa kuno kwathu amatenga kawaya, n'kulumikiza timiyendo tiwiri tija, makina n'kuyambanso kuzungulira, mwini wake n'kuwomba m'manja. Woyamba uja wataya ndalama. Wachiwiriyu waitanira moto m'nyumba.

Wina anena kuti nkhani ya draya ndi ya azungu, poti kuno dzuwa n'laulere ndipo chingwe choyanikira sichidya mayunitsi. N'zoona, ndipo banja lokhala ndi bwalo lilibe chifukwa chogulira makina otere. Koma mahotela, malo ogona alendo, zipatala ndi malo ochapira zovala a m'mizinda sangadikire dzuwa pamene chiperoni chagwira Blantyre ndi Thyolo masiku anayi otsatizana. Amalawi okhala m'nyumba zosanja za ku Britain alibe poyanika, ndipo yunifolomu ya ntchito imafunika youma mawa m'mawa. Ku Cape Town mvula imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira cha m'ma Juni mpaka Ogasiti, ndipo makina akangokana kuyaka, woyamba kulozedwa chala amakhala mayi wogwira ntchito m'nyumbamo. Mayi woteroyo akadziwa poyambira kufufuza, amapulumutsa malipiro ake ndi mbiri yake yomwe.

Poyambira pake ndi kumvetsera. Draya imakana mosiyanasiyana, ndipo kakanidwe kakeko kamaulula kumene kuli vuto.

Ikakhala zii, popanda kagetsi kalikonse koyaka, nkhani ndi ya magetsi, ndipo kawirikawiri makinawo amakhala alibe mlandu. Soketi imayesedwa polumikizapo ketulo. Tchaja cha foni sichithandiza kwenikweni, chifukwa chimakoka mphamvu yochepa kwambiri moti soketi yodwala imatha kuoneka yabwinobwino. Malawi, Zambia ndi Britain amagwiritsa ntchito pulagi ya mano atatu amakona, imene mkati mwake muli fyuzi, ndipo ya draya imayenera kukhala ya maampu 13. Pulagi ya mano ozungulira ya ku South Africa ilibe fyuzi, choncho kumeneko munthu amalunjika ku bokosi la maswichi kukaona ngati lina lagwa. Ndiye pali vuto la zingwe zowonjezera. Draya wamba imakoka mawati pakati pa 2,000 ndi 3,000, mofanana ndi ketulo, koma ketulo imamaliza m'mphindi zitatu pamene draya imakoka kwa ola lathunthu kapena kuposerapo. Chingwe chotchipa cha pamsika chimatentha, pulasitiki n'kufewa, dzino limodzi la pulagi n'kuda ngati lalowa m'makala. Kafungo ka pulasitiki wopsa pafupi ndi khoma ndi umboni wokwanira.

Ku America zinthu zimayenda mwina. Draya yamagetsi imalandira mavoti 240 kudzera m'mawaya awiri a moto a mavoti 120 lililonse. Chotenthetsera chimadya onse awiri pamodzi, koma mota imadalira limodzi lokha. N'chifukwa chake kumeneko draya imatha kuzungulira osatenthetsa, kapena kukana kuzungulira pamene m'nyumba monse magetsi akuyaka. Izi zikukhudzanso aliyense wofuna kutumiza draya ya ku America kwa abale ku Lilongwe: magetsi a kuno ndi a mavoti 230 pa waya limodzi, ndipo mota yoyembekezera mavoti 120 siingapeze chimene ikufuna pakhoma la kuno. Mphatso yotere imathera m'stoo.

Kukana kwina n'kumene kumapsetsa mtima kwambiri: timagetsi tonse tikuyaka, makina akuoneka amoyo, koma ukadina batani palibe chochitika. Apa wokayikiridwa woyamba ndi chitseko. Draya iliyonse ili ndi kaswichi kamene kamauza mota kuti chitseko chatsekeka, ndipo kamakankhidwa ndi kambedza kapulasitiki ka pachitsekopo. Kambedzako kamatha ndi kumenyetsa chitseko tsiku ndi tsiku, kapena kamapindika chifukwa cha anthu otsamira chitseko potulutsa zovala. Chitseko chabwino chimamveka kuti "tha" potseka. Chikapanda kumveka, kapena makina akamayaka pokhapokha wina atachikanikiza ndi bondo, vuto lapezeka. Pali zinanso zochititsa manyazi zikadziwika mmisiri atalipidwa kale. Mwana anadina loko wa ana, kachizindikiro ka kiyi n'kumayaka popanda wozindikira tanthauzo lake. Wina anatchera nthawi yoti makina adzayambe pakatha maola angapo. Pa draya zimene zimasunga madzi m'kathanki m'malo motulutsa nthunzi panja, zofala kwambiri m'nyumba za ku Britain, kathankiko kakadzaza makina amaima mpaka wina atakhuthula. Mitundu ina imafunanso kuti batani ligwiridwe kwa masekondi awiri kapena atatu, osati kungoligunda.

Ikamang'ung'udza koma dramu osasuntha, ndiye kuti mota ikulandira moto koma ikulephera kunyamuka. Pulagi itazulidwa, munthu amayesa kuzunguza dramu ndi dzanja. Ikakhala yolimba, pali china chalowa pakati, mwina kobiri kapena kawaya ka kamisolo. Ikamazungulira mopepuka modabwitsa, lamba waduka, ndipo makina ena ali ndi swichi yoimitsa mota lamba akangoduka. Zonse zikakhala bwino, kawirikawiri chafooka ndi kapasita, kachitini kamene kamapatsa mota mphamvu yoyambira. Kameneka nkosiyira wodziwa ntchito, chifukwa kamatha kusunga moto ngakhale makina atazulidwa kukhoma.

Zonsezi ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo zambiri sizifuna ngakhale sikuludiraiva. Fyuzi ya kutentha ija ndiyo yofunika kuikhalira pansi, chifukwa siiduka popanda chifukwa.

Draya imaumitsa zovala pokoka mpweya, kuutenthetsa, kuudutsitsa m'zovala zonyowa, kenako kuutulutsa pamodzi ndi chinyezi. Mpweyawo umanyamulanso timaulusi tothothoka ku nsalu. Aliyense amene anasololapo sefa ya pakhomo la draya amatidziwa: kansalu kofewa kotuwa, kosendeka ndi chala ngati thonje, kosakanikirana ndi tsitsi ndi zidutswa za tishu woiwalika m'thumba. Sefa siigwira zonse. Zina zimalowa m'paipi yotulutsira mpweya n'kumaunjikana m'makwinya ake mwezi ndi mwezi. Wina akakankhira makina kukhoma kuti apeze malo, paipi imaphwanyika pakati. Panja, pakamwa pa paipiyo, mbalame zimatha kumangapo chisa. Mpweya ukasowa potulukira kutentha kumabwerera mkati, ndipo fyuzi imaduka kuti timaulusi touma tija tisagwire moto. Zizindikiro zimakhala zitayamba kale: zovala zimene zinkauma ulendo umodzi zimayamba kufuna maulendo awiri, pamwamba pa makina pamatentha kosagwirika, chipinda chimadzaza chinyezi.

Choncho kusintha fyuzi popanda kutsuka njira ya mpweya n'kungotaya ndalama, chifukwa yatsopanoyo idzadukanso. Koma kuilumpha ndi waya n'chimodzimodzi kuthamangitsa mlonda chifukwa wakuwa usiku. Bungwe la boma la America loona za moto, U.S. Fire Administration, linawerengera kuti m'dzikomo draya zimayambitsa moto m'nyumba pafupifupi 2,900 pachaka, ndipo chifukwa chachikulu, pa moto umodzi mwa itatu iliyonse, ndi kusatsuka makinawo. Kumeneko ozimitsa moto amafika m'mphindi zochepa. Nanga kumalo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kumene galimoto yozimitsa moto ili mtunda wa maola?

Mmisiri wolumpha fyuzi si munthu woipa mtima. Nthawi zambiri amatero chifukwa fyuzi yoyenera ilibe poigula, ndipo bwana akufuna mashiti aume alendo asanafike. Luso lilipo m'dziko muno. Amene anaonapo zimene amisiri a ku Ndirande amachita ndi mota yakufa sangatsutse. Chosowa ndi zipangizo zosinthira. Wamalonda amene akuitanitsa draya makumi awiri koma osaitanitsa fyuzi, malamba ndi maswichi a chitseko akugulitsa theka la katundu, ndipo ogula ali ndi ufulu womufunsa za zimenezi asanatulutse ndalama. Mmisiri wabwino amadziwika ndi zinthu ziwiri zosavuta kuona: amayeza kachipangizo ndi mita yake asananene kuti kafa, ndipo akasintha fyuzi amapempha kuti aone paipi.

Maiko olemera nawo ayamba kuchita manyazi ndi chizolowezi chawo chotaya. Lipoti la United Nations la 2024 linanena kuti mu 2022 dziko lonse linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zimene zinalembedwa kuti zasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Ku Amsterdam, mayi Martine Postma anayambitsa mu 2009 malo otchedwa Repair Café, kumene anthu amabwera ndi zinthu zawo zowonongeka n'kukonzera limodzi ndi anthu ongodzipereka, ndipo maganizo amenewa afalikira m'maiko ambiri. N'zoseketsako pang'ono kuona Ulaya akuphunzira mwa chikondwerero chinthu chimene msika uliwonse wa kuno umachita tsiku lililonse kuti anthu adye.

Sikuti draya iliyonse ndi yoyenera kuipulumutsa. Mota ikapsa pa makina a zaka khumi ndi zisanu, kapena bolodi yoyendetsa makina ikawonongeka pa mtundu umene anasiya kupanga, ndalama zokonzera zimatha kuyandikira mtengo wa makina ena. Bolodi ndiyo imavutika kwambiri kumene magetsi amazimazima, chifukwa akamabwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola muyeso. Kuzula pulagi magetsi akangozima sikulira ndalama, komabe ndi ochepa amene amakumbukira. Draya zatsopano zogwiritsa ntchito gasi wonga wa mufiriji zimadya magetsi ochepa kwambiri, koma zikadwala zimafuna mmisiri wodziwa za mafiriji, osati wa mawaya okha.

Komanso si moto uliwonse umene uli mlandu wa mwini makina. Mu Novembala 2015 kampani ya Whirlpool inalengeza kuti draya mamiliyoni angapo zogulitsidwa ku Britain, zopangidwa pakati pa Epulo 2004 ndi Seputembala 2015, zinali ndi vuto la kapangidwe: timaulusi tinkatha kufika pa chotenthetsera n'kuyaka. Poyamba anthu anauzidwa kuti akhoza kupitiriza kuzigwiritsa ntchito bola akhale pafupi. Pa 19 Ogasiti 2016 moto unabuka m'nyumba yosanja ya Shepherd's Court ku Shepherd's Bush mu London, ozimitsa moto pafupifupi 120 n'kuthamangirako, ndipo kafukufuku anapeza kuti unayambira mu draya ya mtundu wa Indesit, imodzi mwa zavuto zija, imene inkadikira kukonzedwa. Mu Febuluwale 2017 malangizo anasintha: zulani, musagwiritse ntchito. Mu Julaye 2019, boma litakakamiza, kampaniyo inaitanitsa makina onse amene anali asanakonzedwe.

Nkhaniyi sinathere ku London, chifukwa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito wa ku Britain amayenda m'makontena kupita kumaiko ambiri a mu Africa, ndipo pulagi yake imalowa bwinobwino m'soketi ya ku Malawi. Mitundu yokhudzidwa ndi Hotpoint, Indesit, Creda, Swan ndi Proline. Makina amene anakonzedwa kapena osakhudzidwa ndi vutoli anamatidwa kadontho kobiriwira mkati mwa khomo kapena kumbuyo. Wogula draya ya kaunjika ya mitundu imeneyi ayenera kutsegula chitseko, kufunafuna kadonthoko, ndipo kakasowa, kulemba nambala ya mtundu wa makinawo imene ili pa kapepala ka pakhomopo n'kuifufuza pa intaneti asanakambe za mtengo.