Makoma a ku Zanzibar, Chete wa ku Senga Bay

Kwabuka chizolowezi pakati pa anzathu amene m'thumba mwawo mwayamba kulemerako. Tchuthi chikafika amapereka ndalama ku kampani yokonza maulendo, nakwera ndege ulendo wa ku Zanzibar kapena ku Mombasa. Kumeneko amalandiridwa ndi mnyamata wodziwa kuyankhula, amene amawatsogolera m'tinjira topanikizana ta Stone Town, kuwaonetsa zitseko zogoba mwaluso, linga lakale la Aarabu a ku Oman, ndi nyumba imene ankakhalamo Tippu Tip. Opita ku Mombasa amakasisita makoma a Fort Jesus, amene Apwitikizi adayamba kumanga m'chaka cha 1593. Pobwerako foni yadzaza zithunzi, pakamwa mawu ndi amodzi: "Anzathu aja ali ndi mbiri, osati ife kuno."

Mawu amenewa ndiwo andiyabwa. Kuyenda sindikudana nako, aliyense adye thukuta lake mmene afunira. Chimene ndikukana n'chakuti munthu wa m'mbali mwa nyanja ino akaime pa Stone Town ngati mlendo wodzaona za eni ake.

Zitseko zokongolazo zidagulidwa ndi chiyani? Chuma cha Zanzibar m'zaka za m'ma 1800 chidakhazikika pa minyanga ya njovu, pa akapolo, ndi pa minda ya karafuu imene ankalima ndi akapolo omwewo. Ambiri mwa anthu amenewa ankachokera kuno, mwakuti kugombe kuja adawapatsa dzina lakuti Wanyasa. Msika wa akapolo udatsekedwa m'chaka cha 1873, ndipo pamalopo a Anglican adamangapo tchalitchi. Woperekeza alendo akakutsitsirani m'tizipinda tamdima tapafupi ndi tchalitchicho, mumapukusa mutu n'kuti kalanga anthu a Mulungu. Kodi mumadziwa kuti ena mwa anthu a Mulunguwo adakula akumwa madzi a mu Linthipe?

Imani pa mchenga wa Senga Bay m'mawa kukayera, muyang'ane kum'mawa. Mapiri mukuwaona kutsidyawo ndi dera la Makanjira, mfumu ya Chiyao imene zombo zake za matanga zinkaoloka nyanjayi kudzatenga anthu ndi minyanga tsidya lino. Angerezi adalimbana nayo, ndipo m'Disembala 1891 msilikali wawo wamkulu, Cecil Maguire, adaphedwa komweko. Dzina la Fort Maguire lidachokera pamenepo. Tsidya lino, ku Rifu kufupi ndi Leopard Bay, adaikako asilikali oti atseke njirayo. Zonsezi zidachitika m'madzi omwe timasambiramo pa Khirisimasi, botolo lili m'manja.

Mukatsata msewu wa M5 kulowera kumpoto mufika ku Nkhotakota, kumene mpaka lero kuli malo otchedwa Linga. Dzina lokhalo likuulula. Apa ndi pamene Jumbe Salim bin Abdallah adakhazika likulu lake cha m'ma 1840, ndipo anthu zikwizikwi adakwezedwa m'zombo pamenepa, kenaka n'kuyenda pansi miyezi, goli lili m'khosi, mpaka ku Kilwa. Jumbe womaliza adachotsedwa ndi Angerezi m'chaka cha 1894 n'kutumizidwa ku Zanzibar komweko. Ndiye wina aziti mbiri ili kwa anzathu? Mutu wa nkhaniyi uli kuno, ku Zanzibar kuli mchira chabe.

Nanga mlendo akafika pa gombe la Salima timampatsa chiyani? Chambo chootcha, ziboliboli, bwato lopita ku Lizard Island, ndi nkhwazi yoti aijambule. Basi. Akachita mwayi n'kufika ku Nkhotakota, amuonetsa mtengo umene David Livingstone adakhala pansi pake, popeza adafikako mu 1861 ndi mu 1863, ndiponso manda a Bishopu Chauncy Maples amene adamira m'nyanjayi mu 1895. Sindikupeputsa anthu awiriwa. Koma taonani mmene nkhani yathu imakambidwira: imayamba mzungu akafika, imatha mzungu akachoka. Mthunzi umene adapumulapo mlendo timaudziwa, mudzi umene udaotchedwa usiku ana ake n'kumangidwa zingwe sitiutchula n'komwe.

Ena ati vuto n'lakuti ife tilibe miyala. Malinga athu adali a mitengo, dothi ndi bango, chiswe ndi mvula zidamaliza kalekale, ndiye tionetsa chiyani? Funsoli n'laulesi. Alendo ku Stone Town salipira miyala, amalipira pakamwa pa mnyamata uja. Mumchotse, chotsala ndi makoma akutha ndi fungo la nsomba. Ku Karonga, kumene Mlozi adapachikidwa mu 1895, adatsegula nyumba yosungiramo mbiri mu 2004. Ku Mua, pafupi pomwepa, Bambo Claude Boucher adayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo anthu amachoka kutali kukamva za Achewa, Ayao ndi Angoni. Njira za akapolo za m'Malawi zidalowa pamndandanda woyembekezera wa UNESCO mu 2011. Zaka zoposa khumi zadutsa. Kulemba pepala ku Paris kudatheka, kuphunzitsa achinyamata khumi a kwa Maganga kufotokoza gombe lawo ndiye kwakanika?

Chifukwa chenicheni, mmene ndikuonera ine, ndi mantha. Nkhaniyi ndi yowawa chifukwa ogula adali alendo koma ogulitsa ambiri adali athu. Mafumu adasinthanitsa anthu ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Zidzukulu za wogwira ndi wogwidwa lero zimakokera limodzi khoka, zimakwatirana, zimaikana m'manda. Wina amaopa kuti tikayamba kufukula, Myao aloza Mchewa, Mkhristu aloza Msilamu. Manthawa ndikuwamvetsa, koma sindikuwavomereza. Ku Zanzibar nakonso zidzukuluzo zimakhala khomo limodzi, komabe nkhani imakambidwa tsiku ndi tsiku dzuwa likuswa mtengo. Ndipo chete wathuyu sadafafanize kanthu: pamilandu ya ufumu ndi ya minda, mawu akuti "inu mudabwera ngati akapolo" amatulukabe, monong'ona, opanda wowawongola. Chilonda chobisa m'nsalu ndicho chimanunkha.

Alembi anzanga, apa ndiye tilibe pothawira. Talemba zambiri zotamanda nyanja, mafunde ake, mwera wake, kutuluka kwa dzuwa. Ndani mwa ife wakhala pamphasa ndi agogo a kwa Kuluunda, kwa Pemba kapena kwa Malengachanzi, kuwafunsa zimene adamva kwa agogo awo? Amene adaona ndi maso adapita kale, amene adamva kwa oona akutha chaka ndi chaka, ndipo ife tili kalikiliki kusunga ndalama za ndege.

Khonsolo ya Salima, mafumu ndi eni mahotela a m'gombeli akhale pansi. Pasafunike wopereka thandizo wochokera kunja kuti pa Rifu pazikidwe chikwangwani chonena zimene zidachitika pamenepo, cholembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao pamwamba, Chingerezi m'munsi.