Mphutsi za mu ufa sizigwa kumwamba

Lero tikambirane za tizirombo timene tikudya nafe chimanga chathu. Mayi akatsegula thumba la ufa n'kupeza timphutsi ndi tizirombo tofiirira, kawirikawiri amati ufa wabereka wokha. Ayi ndithu, ufa subereka. Kachirombo kalikonse kali ndi mayi wake.

Kofiira kaja n'kakang'ono, sikapitirira mamilimita 4. Kakakazi kamaikira mazira mazanamazana m'moyo wake. Mazirawo ndi omata, ufa umawakuta, ndiye simungawaone ndi maso. Pakapita masiku ochepa amaswa mphutsi, ndipo mphutsiyo ndiyo imadya kwambiri, uku ikufundula khungu. Ikakhuta imagona osadya, ngati yafa, kenaka n'kusanduka kachirombo kakakulu. Kukamatentha, monga mu Okutobala, ulendo wonsewu umatha pafupifupi mwezi umodzi. M'chisanu cha Juni kuno ku Angónia zimachedwerapo, n'chifukwa chake ambiri timapusitsika kuti chimanga chili bwino.

Nankafumbwe naye ndi wochenjera. Amaboola njere ya chimanga, kuikiramo dzira, n'kumata bowolo. Mphutsi imakulira m'kati. Mukamaona bowo panjere, dziwani kuti mwini wake wadya kale ndipo watuluka.

Tsono funso n'lakuti, titani? Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi mapiritsi amene ena amagula pamsika n'kuponya m'matumba, matumbawo ali m'chipinda chomwe ana amagona. Mapiritsi amenewa akakumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wapoizoni. Mpweyawo susankha: umapha nankafumbwe, umaphanso munthu. Ngati wina m'nyumba yotere wayamba kumva mutu, kusanza kapena kubanika, mutulutseni panja msanga ndipo thamangirani naye kuchipatala. Mankhwala opopera thonje kapena tomato nawonso si othira m'chakudya.

Ena anena kuti, “Nanga tingoyang'ana chimanga chikutha?” Ayi. Popeza tadziwa mmene kachiromboka kamaswanirana, tiyeni tikadule njira. Umitsani chimanga mpaka chizilira mukachiluma. Sesani nkhokwe ndi chipinda, ndipo musasakanize chimanga chatsopano ndi chotsala cha chaka chatha. Matumba akale aviikeni m'madzi owira, muwayanike, chifukwa mazira amabisala m'misoko. Ngati mungathe, gulani matumba osalowa mpweya a PICS; mukamanga bwino, tizirombo timafera momwemo popanda mankhwala. Mukafuna mankhwala a ufa monga Actellic, funsani kaye alangizi a zaulimi za mlingo wake. Ku chigayo, gayitsani ufa wongokwanira milungu iwiri kapena itatu, uthe mazira asanasanduke tizirombo tina.

Nanga ufa umene muli kale timphutsi tochepa? Usefeni, muuyanike padzuwa pamphasa yoyera, muphike. Mphutsi payokha si poizoni. Ife timadya ngumbi ndi mphalabungu, ndipo mu 2021 maiko a European Union analola kuti mphutsi za mbale wake wa kachirombo kofiira kaja zizigulitsidwa ngati chakudya. Koma ufa umene wachita nkhungu, wagwirana zibuma kapena ukununkha, utayeni. Musaphikire ana phala.

Amayi ndi abambo, tinavutika kulima, feteleza tinagula modula. Tisalole kachirombo katilande chakudya, komanso tisapereke moyo wa mwana chifukwa cha thumba la chimanga. Kupewa kumaposa kuchiza.