Phalombe yadzaza njinga, nanga akatswiri a mpikisano ali kuti?

Tsiku la msika ku Migowi kapena ku Chiringa, munthu sachita kuuzidwa kuti Phalombe ndi boma la njinga. Kusanache bwinobwino anyamata amakhala ali kale pamsewu kuchokera kwa Nazombe, kwa Nkhumba ndi kwa Chiwalo. Wina wamanga matumba awiri a nandolo pa kaliyala, wina wanyamula dengu la nsomba za ku Chilwa, wina wakweza mayi wobereka mwana kumbuyo, ulendo wa ku chipatala cha Holy Family. Njinga yake ndi yolemera, yopanda magiya, chubu chake chomatamata, masipoko ena anathothoka kalekale. Akafika pachitunda, mnyamatayo amaimirira pa mapedulo, thukuta lili kamukamu, koma satsika.

Tikufunsa bungwe loyendetsa masewero opalasa njinga m'dziko muno la Cycling Federation of Malawi: kodi mukudziwa dzina la mmodzi yekha mwa anyamata amenewa? Munayamba mwaimapo pamsewu wa Phalombe kupita ku Chitakale, wotchi ili m'manja, kuti muone kuti wothamanga kwambiri amatenga mphindi zingati pa makilomita 20? Ngati munatero, zotsatira zake zili m'buku liti, ndipo amene anapambana ali kuti lero?

Mafunsowa si achipongwe, chifukwa masewerowa si achilendo kwa Amalawi. Pamene dziko lino linkapita koyamba ku Olimpiki, ku Munich mu 1972, m'gulumo munali opalasa njinga, a Grimon Langson ndi a Raphael Kazembe. M'mipikisano ya ku Los Angeles mu 1984 ndi ku Seoul mu 1988 kunamveka mayina a Dyton Chimwaza, a Daniel Kaswanga, a George Nayeja ndi a Amadu Yusufu. Sanabwere ndi mendulo, koma anafika pamzere woyambira limodzi ndi akatswiri a dziko lonse lapansi. Chichokereni ku Seoul, palibe wopalasa njinga wa ku Malawi amene wapondanso ku Olimpiki. Zaka zoposa 35 zadutsa. Kodi miyendo ya ana a Malawi inafooka m'zaka zimenezi, kapena chinafooka ndi utsogoleri? Nanga nzeru za akuluakulu amene anapalasa ku Los Angeles ndi ku Seoul zinasiyidwa m'manja mwa yani? Alipo amene anawapempha kuti aphunzitse achinyamata?

Tikumbukirenso za ku Glasgow mu 2014, pa masewero a mayiko a Commonwealth. A Leonard Tsoyo ndi a Missi Kathumba anafika kumeneko ndi njinga zotha ntchito, mpaka sitolo ya mumzindawo ya Billy Bilsland Cycles inawachitira chifundo n'kuwathandiza ndi njinga zabwino. Nkhaniyi inafalitsidwa ngati umboni wa mtima wabwino wa anthu a ku Scotland, ndipo eni sitoloyo ayenera kuyamikidwa ndithu. Koma kwathu kuno inayenera kutipweteka. Ndani anavomereza kuti anthu awiri avale mbendera ya dziko n'kukwera ndege opanda chida chenicheni cha ntchito imene ankapitira? Atabwerako, panakhala msonkhano wofunsana kuti zinatheka bwanji? Chinasintha n'chiyani kuti wina asadzapitenso choncho?

Yankho limene limabwera msanga ndi lakuti ndalama palibe. Pamenepo pali choonadi. Njinga ya mpikisano ndi yodula, zipangizo zake zimachokera kunja, ndalama zakunja zikusowa, ndipo makampani akafuna kuthandiza masewero maso awo amathamangira ku mpira wamiyendo ndi wamanja. Koma kufufuza luso sikuyambira pa njinga yodula. Mpikisano woyamba ku Phalombe ungachitike ndi njinga zomwezi za kabaza, aliyense pa yake, apolisi apamsewu atatseka msewu kwa maola awiri, achipatala ali pafupi, mphoto yake matayala, tcheni ndi kandalama kolowa m'malo mwa zimene mnyamata akanapeza tsikulo. Kandalamako sikochepa ntchito. Wakabaza akasiya siteji tsiku limodzi ndiye kuti kunyumba sikuphikidwa, choncho womuitana ku mpikisano kapena kokonzekera ayambe waganizira za m'mimba mwake ndi mwa ana ake. Kodi mtengo wa mpikisano woterewu unawerengedwapo n'kupezeka kuti ndi wosatheka? Kapena sunawerengedwe n'komwe?

Chitsanzo chili pakhomo pomwepa, kuseri kwa phiri. Mpikisano wa Mulanje Porters Race unayamba ndi anthu onyamula katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje. Ena anaona kuti mphamvu imene anthuwa amagwirira ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi luso loyenera mphoto, ndipo lero chaka ndi chaka anthu amasonkhana ku Likhubula kudzaonerera. Ngati zinatheka ndi onyamula katundu pamutu, chikuletsa n'chiyani kwa onyamula katundu pa njinga? Malo ophunzirira alipo kale. Mtunda wa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, ungayese mapapo a aliyense, ndipo chigwa chotambalala cholowera ku Chilwa n'choyenera kuphunzirirapo liwiro ndi kupalasa pagulu polimbana ndi mphepo.

Dziko la Rwanda nalo silinayambe ndi chuma. Timu yawo itayamba kumangidwa mu 2007, ena mwa amene analowamo anali akabaza, monga Gasore Hategeka, amene ankanyamula anthu ndi mbatata pa njinga. Wina wa m'timuyo, Adrien Niyonshuti, anafika ku Olimpiki ya ku London mu 2012. A ku Rwanda anamanga malo ophunzitsira ku Musanze, mpikisano wa Tour du Rwanda unakula, ndipo mu September 2025 mzinda wa Kigali unalandira mpikisano wa dziko lonse wa njinga zapamsewu, koyamba kuchitikira mu Africa. Ku Eritrea kunatuluka Biniam Girmay, amene mu 2024 anapambana zigawo zitatu za Tour de France. M'mayiko awiriwa mwana waluso amaonedwa akadali wamng'ono, amapeza kalabu, mphunzitsi, chakudya ndi mipikisano yotsatizana. Kodi mwana wa zaka 15 wa ku Mpasa amene amasiya anzake onse m'mbuyo popita kusukulu angagogode pa khomo liti? Kalabu yapafupi ili kuti? Aphunzitsi a masewerowa okhala ndi satifiketi alipo angati m'chigawo chonse cha kummwera, ndipo mwa iwo ndi angati amakhala kunja kwa Blantyre?

Za atsikana nazo zisalumphidwe. Ku Phalombe mkazi kupalasa njinga si nkhani. Amayi amapalasa kupita kuchigayo, kumsika ndi kusikelo, atsikana amapalasa mitunda italiitali kupita kusekondale yoyendera. Bungwe limene likufuna kutumiza munthu kunja mwachangu likanayambira pamenepa. Kodi pali gulu la atsikana limene likuphunzitsidwa mwadongosolo, kapena amakumbukiridwa pokhapokha fomu yochokera kunja ikafunsa kuti akazi alipo angati?

Mafunso olemera kwambiri ndi a kayendetsedwe ka bungwe. Amene amaponya voti posankha atsogoleri ndani, ndipo akuimira makalabu angati amene amapalasadi? Wopalasa njinga mwini wake ali ndi mawu pa komiti? Malipoti a chuma amawerengedwa pa msonkhano waukulu wapachaka, ndipo membala wamba angawaone? Ndondomeko ya mipikisano ya chaka chonse imatuluka mwezi uti, kuti mnyamata adziwe tsiku lokonzekera? Posankha opita kunja, amayang'ana nthawi imene munthu wapalasa pamsewu kapena kudziwana? Paulendo wotere akuluakulu amakhala angati, opalasa angati? Bungwe la njinga la dziko lonse la UCI lili ndi thandizo la zipangizo ndi maphunziro kwa mayiko osauka, lilinso ndi malo ophunzitsira ku Aigle ku Switzerland ndi ku Paarl ku South Africa. Dziko la Malawi lapemphako kangati? Zimene zinabwera zili m'manja mwa yani? Atsogoleri amene akugwira bwino ntchito sangavutike kuyankha zonsezi poyera, ndipo mayankho omveka ndi amene amakopa makampani kuti atulutse ndalama.

Mlanduwu si wa bungwe lokha ayi. Khonsolo ya zamasewero ya Malawi National Council of Sports, imene mabungwe a masewero ali pansi pake, imafunsa chiyani isanapereke thandizo? Imafunsa kuti mwafika m'maboma angati? Khonsolo ya Phalombe, aphungu ndi makhansala amene amakhazikitsa zikho za mpira nyengo ya zisankho ikayandikira, bwanji osayika chikho chimodzi cha njinga, m'boma limene pafupifupi khomo lililonse likudziwa kumata chubu? Anthu amene anapirira napolo wa 1991 ndi namondwe Freddy mu 2023, amene misewu itaduka anadalira njinga kuti afike kuchipatala ndi kumsika, akuyenera kuonanso njingayo ikubweretsa ulemu kwawo.

Nthawinso ikutha. M'masiteji ambiri njinga zamoto zikulanda malo a kabaza wopalasa, ndipo mnyamata aliyense akulota za kugula yamoto kuti apumitse miyendo. Palibe angamudzudzule, popeza akufuna moyo wabwinoko. Koma zikutanthauza kuti khamu la achinyamata olimba miyendo, limene bungwe likanasankhamo popanda kulipira kalikonse, likuchepa chaka ndi chaka. Atsogoleri a Cycling Federation of Malawi atiuze mwezi ndi tsiku limene adzachititse mpikisano wawo ku Phalombe, ndiponso kumene adzapite nawo anyamata ndi atsikana khumi oyambirira kufika pamzere womaliza.