Kabuku ka Chamba Sikanena za Ndende

Achinyamata a ku Chilenje, mnzanu akakubwerekani kabuku kophunzitsa kulima chamba kuseri kwa nyumba, mufunseni kuti: kodi mutu wonena za ndende uli patsamba liti? Ku Canada, kuyambira 2018, lamulo limalola mbewu zinayi panyumba m'zigawo zambiri. Koma kuno ndi ku Zambia! Lamulo lathu la 2021 limalola okhawo a laisensi kulima chamba cha mankhwala. A DEC akadzagogoda, wolemba kabukuko adzakhala kutali. Nyumba imene idzasechedwe ndi ya amayi anu. Ndiponso kabukuko sikakuuzani kuti chamba chimasokoneza mutu, makamaka wa wachinyamata. Werengani 1 Akorinto 6:19. Ngati manja akuyabwa kulima, bzalani repu ndi tomato.