Tulo ndi matenda a OCD: makina a ubongo ali kutali, koma chithandizo chingayambire ku Mitundu

Nyali zikazima m'midzi yozungulira Mitundu ndi Nathenje, kummwera kwa boma la Lilongwe, pamakhala anthu ena amene mavuto awo amakhala akungoyamba kumene. Taganizirani bambo amene watseka khola, wapiringidza chitseko n'kukagona. Pasanathe mphindi khumi, mtima ukumuuza kuti mwina mpiringidzo sunalowe bwino. Amadzuka, n'kupeza zonse zili m'malo, n'kubwerera pamphasa, koma ganizo lija limabweranso. Tambala woyamba akamalira, iye amakhala atadzuka kakhumi. Kapena mayi amene amatha ndowa yonse ya madzi a pamjigo posamba m'manja, khungu mpaka kuchita ming'alu, koma akumvabe kuti ali ndi litsiro lomwe lingadwalitse ana ake.

Awa ndi matenda a maganizo amene pa Chingerezi amati obsessive-compulsive disorder, mwachidule OCD. Ali ndi mbali ziwiri: maganizo osafunika amene amabwera mokakamira, ndi zochita zomwe munthu amabwereza kuti mtima ukhale pansi. Odwala ambiri amadziwa ndithu kuti zimene akuchita n'zopitirira muyeso, koma akayesa kuleka nkhawa imawapanikiza. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amasonyeza kuti munthu mmodzi kapena awiri mwa 100 alionse amadwala matendawa nthawi ina pamoyo wawo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 1.6 miliyoni m'boma la Lilongwe, osawerengera a mumzinda. Titatenga chiwerengero chotsikacho, ndiye kuti tikukamba za anthu pafupifupi 16 000.

Ambiri mwa iwo sadziwika. Kwathu kuno tikamva za matenda a maganizo timaganiza za wamisala woyenda ndi nsanza pamsika, pamene wodwala OCD amalima, amagulitsa tomato ndipo amapita kutchalitchi kapena kumzikiti ngati wina aliyense. Mliri wa Covid-19 komanso kolera wa 2022 ndi 2023 zidatiphunzitsa kusamba m'manja pafupipafupi, zomwe n'zabwino, koma zidabisanso anthu amene kusamba kwawo kudali chizindikiro cha matenda. Amene amavutika ndi maganizo onyoza Mulungu kapena oopa kuvulaza mwana wawo amabisa chifukwa cha manyazi, ndipo akaulula abale amathamangira kwa sing'anga kapena kumapemphero, poganiza kuti alodzedwa kapena agwidwa ndi ziwanda.

Chizindikiro chimodzi chimene sabisa ndi kusowa tulo. Madokotala adaona kalekale kuti odwala OCD ambiri amachedwa kugona n'kuchedwanso kudzuka, ngati kuti wotchi ya m'thupi mwawo yatsalira m'mbuyo. China n'chifukwa cha zochita zobwerezabwereza zija, zomwe zimadya maola a usiku. Koma vutoli limadzidyetsa lokha: ubongo wotopa umalephera kukankha maganizo osafunika, maganizowo amachuluka, ndipo tulo timathawiratu. Kwa mlimi amene ayenera kulawirira kumunda kapena kudimba dzuwa lisanatuluke, mapeto ake ndi kutchedwa waulesi.

Nkhani ya tulo yakula chifukwa cha njira zatsopano zochizira ubongo ndi makina. Yoyamba imatchedwa TMS, ndipo idayambitsidwa ndi Anthony Barker ndi anzake ku Sheffield, m'dziko la England, mu 1985. Wodwala amakhala pampando ali maso, dokotala n'kumuika pamutu chipangizo chotulutsa mphamvu ya maginito. Mphamvuyo imadutsa chigaza n'kukatakasa mbali ya ubongo yomwe imakhudzidwa ndi matendawa. Sipakhala opaleshoni kapena mankhwala ogonetsa. Ena amamva mutu kupweteka, ndipo mwa apo ndi apo wina amatha kugwa ngati wakhunyu. Mu 2018 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, lidavomereza makina a kampani ya BrainsWay kuti azichizira OCD. Pakafukufuku wa anthu pafupifupi 100 amene bungweli lidadalira, odwala 38 mwa 100 alionse amene adalandira chithandizo chenicheni adapeza bwino, poyerekeza ndi 11 mwa 100 amene adaikidwa makina ongoyerekeza.

Njira yachiwiri, ya DBS, ndi yaikulu kwambiri. Madokotala amaboola chigaza n'kulowetsa timawaya mkati mwa ubongo, tolumikizidwa ku kabatire koikidwa pansi pa khungu la pachifuwa. Gulu la Bart Nuttin ku Leuven, m'dziko la Belgium, lidalengeza zoyesa njirayi pa odwala OCD mu 1999, ndipo FDA idailola mu 2009 kwa okhawo amene njira zina zonse zawakanika.

Apa ndi pamene tulo tikulowera. Mu 2017, Lana Donse ndi anzake ku Netherlands adafalitsa zomwe adapeza pa odwala OCD 22 amene adalandira TMS. Oposa theka pang'ono adapeza bwino. Amene sadapeze bwino adali makamaka aja amene wotchi ya m'thupi mwawo idali yosokonekera. Kafukufukuyu adali wa anthu ochepa, choncho satsimikiza kuti kukonza tulo kokha kungachititse makina kugwira ntchito. Komabe phunziro lake n'lomveka: ngakhale makina okwera mtengo chotere angathe kulephera pa ubongo umene sukupuma.

Kwa munthu wa ku Mitundu kapena Nathenje, makinawa ali kutali. Si chithandizo chimene angachipeze pachipatala cha Mitundu Community kapena pachipatala chaching'ono cha Nathenje. Amene ali ndi ndalama angakachifunefune m'zipatala zolipira za ku South Africa. Ndipo ngakhale boma litagula makina amodzi n'kuwaika ku Kamuzu Central, TMS imafuna kuti wodwala azifika pafupifupi masiku asanu pasabata kwa masabata asanu ndi limodzi. Amenewo ndi maulendo a minibasi okwana ngati 30, kupita ndi kubwerera, kuphatikizapo ya kabaza kuchokera kumudzi kukafika pamsewu. Ndi mabanja angati angakwanitse zimenezi, makamaka nyengo ya dzinja pamene kumunda kukufunika anthu ndipo nkhokwe zili pafupi kutha? Onjezanipo kuzimazima kwa magetsi ndi kusowa kwa akatswiri okonza makinawo akawonongeka.

Chofunika kukumbukira n'chakuti ngakhale ku Ulaya ndi ku America makinawa sayambira. Amabwera njira ziwiri zikalephera. Yoyamba ndi uphungu wapadera umene wodwala amaphunzitsidwa kukumana ndi chimene amachiopa pang'onopang'ono, osachita mwambo wake uja: kutseka chitseko kamodzi n'kupirira nkhawa mpaka itatsika yokha. Yachiwiri ndi mankhwala monga fluoxetine, amene pa OCD amatha kutenga masabata 8 mpaka 12 asanasonyeze mphamvu yake yonse. Ambiri amawasiya msanga poganiza kuti sakugwira ntchito. Njira zonse ziwirizi sizilira magetsi. Zimalira anthu ophunzitsidwa bwino ndi mankhwala osasowa mufamase.

Pamenepa ndi pomwe dziko lino lili ndi ngongole. Akatswiri a matenda a maganizo ndi owerengeka, ndipo chithandizo chapadera chidaunjikana ku Zomba Mental Hospital ndi kuzipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mu 2025 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la umoyo wa maganizo lolowa m'malo mwa lakale la 1948, la nthawi ya atsamunda. Lamulo ndi chiyambi chabe. Phindu lake lidzaoneka pamene namwino wa ku Nathenje adzakhale ndi nthawi komanso luso lofunsa funso lachiwiri. Munthu akadandaula kuti sakugona, chapafupi n'kumupatsa mapiritsi ogonetsa. Koma kumufunsa kuti n'chiyani chimene amachita kapena kuganiza usiku wonsewo kungavumbule matenda amene wakhala nawo zaka khumi.

Chitsanzo chili pafupi. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo ophunzitsidwa amapereka uphungu pabenchi panja pa chipatala, ndipo njirayi idayesedwaponso ku Lilongwe. Idakonzedwera makamaka matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, choncho OCD ingafune maphunziro owonjezera. Komabe idasonyeza kuti uphungu sudikira dokotala wamkulu. Alangizi a zaumoyo, amene amayenda kale m'midzi, angathe kuphunzitsidwa kuzindikira zizindikirozi n'kutumiza anthu kuchipatala.

Nawonso mabanja ali ndi gawo. Kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, kuwothera dzuwa la m'mawa, kupewa tiyi wamphamvu ndi foni usiku, zonsezi zimathandiza kubweza wotchi ya m'thupi. Mowa ndi mapiritsi ogula pamsika zimagonetsa lero n'kuwonjezera vuto mawa. Ndipo mkazi amene amadzuka kukaonera mwamuna wake chitseko kachisanu amachita izi mwachikondi, koma mosadziwa amakhala akudyetsa matendawo. Chothandiza kwambiri n'kumuperekeza kuchipatala kukacha, n'kukafotokoza zonse, kuphatikizapo za mpiringidzo uja.