Ndalama ili mufoni, koma kondakita afuna ya m'manja

Lolemba lapitali ndinaima pasiteshoni pa Kafue 5 koloko m'mawa, malipiro onse ali mufoni, m'thumba mulibe ngakhale ngwee. Pabooth yoyamba mtsikana anati, "Kulibe float, ba uncle." Yaciwiri inali yotseka. Pa yacitatu netiweki inakana. Kondakita naye sanafune nkhani zambiri: "Mudala, ise tifuna cash. Ngati mulibe, selukani." Ndinafika ku nchito ku Lusaka mocedwa, mabwana atayamba kale kuyang'ana wochi.

Musandimve molakwa, ine sindidana nazo ndalama za pafoni. Kale munthu wa ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound akafuna kutumizira amai ake ku Petauke, anali kupatsira dalaiva wa basi emvulopu, n'kuyamba kupemphera. Lero Airtel Money ndi MTN MoMo zabweretsa banki pakhomo. Kafukufuku wa FinScope wa Bank of Zambia anapeza kuti mu 2015 akuluakulu 14 pa 100 ndiwo anali kugwiritsa nchito ndalama za pafoni, koma pofika 2020 anapitirira 58 pa 100. Amai ogulitsa nsomba, amene sanapondepo m'banki, manje ali ndi posungira.

Vuto n'lakuti ulendo wa ndalamayo uthera pabooth. Basi ifuna cash, wa tomato afuna cash. Ndiye tonse tithamangira kukatapa, makamaka kumapeto kwa mwezi, ndipo ejenti amene mpamba wake ndi wocepa ndalama za m'manja zimuthera msanga. Si kuipa mtima kwake. Pamwamba pake, kutapa kulikonse kuli ndi mtengo, ndipo kuyambira Januwale 2024 boma linaika msonkho potumizirana ndalama pafoni. Wolemera atapa kamodzi zambiri. Ife otapa K50 lero, K30 mawa, ndife tidyedwa pang'onopang'ono ngati cimanga ca anankafumbwe.

Maganizo anga ndi awa: ndalama ilowe m'basi momwe ili, mufoni. Eni mabasi a Kafue–Lusaka alembetse nambala ya bizinesi, aimate pagalasi, wokwera alipire tisanafike pa Chilanga. Nkhondo ya cenji ingathe, ndipo mwini basi angaone bwino zimene zalowa tsikulo. Makampani a foni acepetse mtengo pa tundalama tung'onotung'ono, boma nalo lisadule msonkho pa ndalama yokwerera basi.

Ndidziwa ena adzati, "Nanga malaiti akapita, netiweki n'kugwa?" N'zoona, mu 2024 tinaona mdima wokwanira, ngakhale Kafue Gorge ili pafupi nafe. N'cifukwa cake sindinena kuti cash ithe. Ndingopempha kuti njira zikhale ziwiri.

Pakali pano, anzanga a m'basi, tapani ya transipoti madzulo, musadikire m'mawa. Ine ndaphunzira: K50 imodzi igona kuseri kwa kava ya foni, ndipo ngakhale ana alire bwanji za mabanzi, siituluka.