MAKINA OSALEKA KUPHUNZIRA

Mu Januwale 2010 akatswiri a pa Carnegie Mellon University ku America, motsogoleredwa ndi Tom Mitchell, anayambitsa makina a kompyuta ochedwa NELL. Nchito yake inali kuwerenga zolembedwa pa intaneti usana ndi usiku, kutolamo mfundo ndi kuzisunga. Pofika 2018 anali atasonkhanitsa mfundo zoposa 100 miliyoni.

Koma naonso anali kuphophonya. Atapeza mau akuti "internet cookies", amene ndi timalemba tosungidwa m'kompyuta, anayesa kuti ndi mabisiketi, mpaka anthu anawaongolera.

Makina otere amadziwa zokhazo zimene zinalembedwa, ndipo NELL inali kuwerenga makamaka Cingelezi. Nanga za mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kumene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi mu Ogasiti, adzazidziwa bwanji ngati zili m'mitu ya nkhalamba zokha?

Cotero aphunzitsi ndi ana a sukulu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi afunse akulu-akulu akali moyo, ndi kulemba zonse m'Cinyanja. Akapanda kutero, makina adzaphunzira mbiri ya Acewa kwa alendo, ndipo adzukulu adzaimva yokhota.